Banja la a Re ndi Ndevu za a Wilfred

Zaka zimenezo, mafoni asanayambe kuyankha mafunso ngati masiku anowa, ine ndinafika kuno ku London ndi sutikesi imodzi ndi pepala langa la unamwino la kwathu, ndipo ndinkaganiza kuti m'mawa mwake andiveka yunifolomu. Iwe Tadala, pukuta misoziyo umve, chifukwa mayeso a Chingerezi amene akugwetsawo ine anandigwetsa kawiri, koma ndi uyu ndili pano ndikumwa tiyi. Anandiuza kuti popanda mayesowo sindine namwino, choncho ndinalowa ntchito yosamalira okalamba konkuno ku Barking. Ana anga awiri, Madalitso ndi Chikondi, ndinali nditawasiya ku Dowa kwa mkulu wanga, monga iwenso wasiyira kamwana kako kwa amayi ako, ndipo njira yowabweretsera inali imodzi: kukhoza, kulembedwa unamwino, kenako kuwaitanitsa. Chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chinali chitatsala pang'ono kutha, moti ndikanalephera kachitatu, kunali kunyamula sutikesi ija n'kubwerera chimanjamanja.

Inu atsikana a lero mukakumana ndi liwu lachilendo mumangodina foni, ndipo sitima isanafike pa siteshoni yotsatira mwaiwala kale. Ife tinali ndi dikishonale yolemera ngati njerwa. Ndinkaloweza mawu limodzilimodzi m'sitima ya njanji ya District popita kuntchito, koma ankatuluka m'mutu monga analowera, ndipo ndinkalira ndithu, sindikubisa.

Tsiku lina ndikuwerenganso kalata yondiuza kuti ndalephera ija, ndinaona mawu atatu oyamba mofanana: resit, reapply, rewrite. Ndinati, kodi awawa si pachibale? Paja kwathu ukakumana ndi munthu sufunsa dzina lokha, umafunsa mfunda wake, ndipo akati ndine Phiri kapena Banda, wadziwa kale theka la mbiri yake. Ndinatola makatoni otha a magolovesi kuntchito, n'kuwadula, katoni iliyonse banja lake. A Mis ndi banja la olakwitsa, mistake, misuse, mislead. A Un ndi okana zonse, unwell, unsafe. Koma amene ndinawakonda ndi a Re, ochita chinthu kachiwiri, poti nanenso ndinali wobwereza.

Tsono m'nyumba ya okalambayo munali a Wilfred, mphunzitsi wopuma amene anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linauma, lilime linalemera, ndipo chifukwa cha manyazi anangosiya kuyankhula n'kusanduka aukali, moti anzanga onse ankathawa kuwameta ndevu. Mukudziwa kale kuti ntchito yokanidwa imagwera ndani, imagwera mlendo. Ine poona kuti munthuyo sayankha, ndinkangolakatula makatoni anga uku ndikuwameta, ngati mwana wa sitandade wanu. Ndimati rebuild, kumanganso, refill, kudzazanso, reheat, kutenthetsanso. M'mawa wina ndinafika pa result, ndipo mosachita manyazi ndinati kumeneku ndi kuchita sult kachiwiri.

Dzanja lawo lamanzere linandigwira pamkono, lezala ili m'mwamba. Ndinaganiza kuti ndawacheka. Anavutika nalo lilime kwa kanthawi, thovu lili kukamwa, kenako anati, "Mayi, palibe chinthu chotchedwa sult."

Atsikana inu, munthu amene anakhala miyezi osatulutsa chiganizo, chinamutsegula pakamwa n'cholakwa changa. Mphunzitsi sapuma pantchito, amangosowa womulakwira. Anandiuza pang'onopang'ono kuti ndizidula mutu wa liwulo, ndipo chotsalacho chikaima pachokha ndi m'bale weniweni, koma chikagwa ndichenjere nacho. Ine ndinati, "Basi ameneyo ndi mkamwini, bambo." Nditawafotokozera kuti kwathu mwamuna amakakhala pamudzi pa mkazi wake, kudya nawo, kulima nawo, koma sakhala wa mbumba imeneyo, anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo tinali ndi katoni yapadera ya akamwini, ndipo a result, a receive ndi a reduce anakhala m'menemo.

Safunsa anadya phula, choncho ine ndinayamba kufunsa m'mawa uliwonse. Ndevu zinkametedwa mwachifatse kuposa za wina aliyense mu London muno. Iwo sankalola kuti ndingotchula liwu, ankafuna chiganizo chathunthu, ndipo ndikalakwitsa ankamenya ndodo pansi. Mwana wawo wamkazi atabwera Lamlungu lina anaima pakhomo n'kugwira pakamwa, atamva bambo ake akundikalipira ndi mawu omveka bwino.

Tsiku la mayeso achitatu, ndime yowerenga inali ya wodwala amene anatuluka m'chipatala msanga, ndipo munali mawu amene ndinali ndisanawaonepo: readmit, reassess, rehydrate. Kale ndikanangouma pampando, thukuta lili kamukamu. Koma tsiku limenelo ndinaliyang'ana liwu lililonse n'kulifunsa chamumtima kuti, kodi inu ndinu a kwa yani? Ndinadula mutu, chotsala chinaima, ndipo ndinadziwa kuti wodwalayo amugonekanso, amuyezanso, amubwezeranso madzi m'thupi. Ndinatuluka m'chipindacho ndikuyenda ngati London ndi wa malume anga.

Kalata itafika sindinaitsegule kunyumba. Ndinapita nayo kuchipinda cha a Wilfred, ndipo tinaiwerenga tonse awiri kuti ndakhoza. Ndinalulutira ndithu m'nyumba ya azungu ija, mpaka abwana anathamanga kudzaona ngati wina wagwa. Nkhalambayo sinandiyamikire n'komwe, inangosolola kachidutswa ka katoni pansi pa pilo, kamene inali italemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota. Panali liwu limodzi, reunite. Anati, "Dulani mutu." Ndinadula, ndipo chotsala chinaima: kulumikiza anthu. Kuwalumikizanso. Apo ndiye ndinakhala pansi n'kulira.

Chilimwe chotsatira ana anga anatsika ndege, Madalitso atandipitirira kale msinkhu. Ndisanawaonetse china chilichonse cha mzinda uno ndinapita nawo kwa a Wilfred, ndipo anawagwadira powapatsa moni monga timachitira kwathu, a Wilfred n'kusowa poyang'ana.

Ndiye iwe Tadala, khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Foniyo uzigwiritsa ntchito, sindikukaniza, koma mawu uziwafunsa kwawo, ndipo okalamba amene ukuwasambitsawo usawaone ngati mipando, wina mwa iwo akungodikira kuti umulakwire. Tandipatsa Baibulo langalo. Kakatoni ka a Wilfred aka kakhala m'menemu zaka zonsezi, ndipo sindinabwerekepo munthu. Tenga, ukaike m'thumba tsiku la mayeso. Udzandibwezere uli ndi mwana wako kumsana.