Keke Yopita kwa Katunga

Dzuwa likuswa mtengo pasiteji ya minibasi pa Nchalo, Priska ankatembenuzatembenuza timabotolo tiwiri ta ufa wonyezimira wowaza pakeke, kena ka siliva, kena ka golide. Mayi wina wachikulire amene anakhala naye pabenchi anasiya kudzikupiza ndi kansalu n'kumufunsa.

"Mwanawe, timabotoloto ndi ta ukwati?"

"Eya mayi, ndi keke yanga yoyamba. Mkwatibwi akufuna yoyera mbee, yowaza siliva."

"Ukwatiwo uli kuti?"

"Kwa Katunga. Ndikaipereka panjinga yamoto."

"Okutobala yemweyu? Waza golide."

"Koma mwiniwake wanena siliva."

"Nanenso ndimaphika makeke, ndipo ndinamverapo mwiniwake. Ndinaima masiku awiri pauvuni mpaka miyendo kutupa. Kekeyo ndinaiika m'katoni, pamwamba n'kukutira chitenje. Pofika inali ngati yagwera m'munda. Amake a mkwatibwi anandifunsa pamaso pa anthu ngati kwathu kuli madzi osamba m'manja."

"Mayo ine! Ndiye golideyo amatchinga fumbi?"

"Fumbi la kuno silitchingika, mwanangu, ine linanditopetsa kalekale. Kungoti likagwera pagolide, anthu amaomba m'manja n'kumati, 'Koma mayiwa saumira zokongoletsera!'"