Mayi Pyo Mal-nyeon ndi Nsomba Zawo Zomaliza

Ine ndine Seol Gyeong-ja, mwana wawo woyamba. Ndiwerenga mbiri yawo mofulumira, poti mitambo nonse mukuiona.

Malemu Mayi Pyo Mal-nyeon anabadwa m'chaka cha 1942 ku Gampo. Sukulu anailekera m'kalasi yachiwiri chifukwa cha nkhondo. Mu 1963 anakwatiwa ndi malemu Bambo Seol Deok-man a konkuno ku Guryongpo. Ankati anawalola chifukwa anali mnyamata yekhayo wodziwa kunola mpeni.

Ntchito anaiyambira kufakitale ya nsomba za m'zitini, kudula mitu ndi kutumbula. Kenako anamanga shedi yawoyawo ya gwamegi, nsomba zathu zoumitsa ndi mphepo yachisanu. Ankang'amba nsomba pakati, kuchotsa minga, kutsuka m'madzi a m'nyanja, n'kukoleka pansungwi. Tonse tinakulira pamenepo, zala zitaferatu ndi kuzizira. Ukadandaula, ankangoti, “Iwe, zala zili khumi. Zikathothoka ziwiri udzandiuze.”

Kumpingo wa Presibeteriya anali a kwaya, koma malo awo anali apawindo. Kukangoda kumwamba, ankatuluka ulaliki uli mkati kukaanula nsomba, amayi ena pambuyo pawo. Abusa anayi adutsa pampingo pathu, ndipo onse anaphunzira kulalikira mwachidule.

Lolemba lapitali anang'amba nsomba tsiku lonse ndi kuzikoleka okha. Madzulo anagwa pakhomo la shedi. Kuchipatala atatsegula maso, ana tonse tinasendera kuti timve mawu otsiriza. Iwo anafunsa kuti, “Mphepo ikuchokera kuti?” Anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Nsombazo zikadali pansungwi. Ndi zomaliza za manja awo, zafika pokoma lero, ndipo wailesi yati mvula igwa masana ano. Zikanyowa, ndi zotaya. Ine sinditaya nsomba za amayi tsiku lowaika m'manda. Choncho abusa, pepani, pemphero likhale lalifupi ngati la masiku onse aja. Tikachoka pano tonse tidzera kushedi, chakudya pambuyo. Amene mwavala masuti, pindani mikono ya malaya. Tikaanula, tidya zomwezo.

Asiya ana atatu: ine, Sang-cheol amene agwira nsungwi zam'mwamba poti ndi wamtali, ndi Mi-ok. Asiyanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mafoni akhale m'thumba lero, ndi mng'ono wawo, Mayi Pyo Bun-i.

Amayi, kuyang'ana kumwamba kuja kwakwana. Nsomba tianula ife. Pumulani mu mtendere.