Chitseko cha pa Chigafa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kwa ine amene ndinapita ku koleji kukaphunzira zomangamanga, n'kubwerako ndi bulangeti lokha. Yesero langa linali nthaka.

Kwathu ndi kumunsi kwa Chezi, m'mphepete mwa dambo, pomwe anthu anamanga mothithikana poti malowo ndi a see. Malemu bambo anamanga nyumba yathu ndi thukuta la fodya. Masana ena, dzinja lili pakati, kunachita chivomerezi. Kumtunda kunangogwa makapu. Kwathu nthaka inasanduka phala, mchenga ndi madzi n'kumatumphuka pabwalo, nyumba n'kumira mbali imodzi mpaka pawindo. Zimbudzi nazo zinatibwezera zonse zimene tinazisungitsa.

Aneba anasamuka, koma mayi anakana. "Bambo ako anandisiya muno," anatero. Khoma la kuchipinda linali ndi mng'alu wolowa mkono, iwo n'kumagona patsinde pake. Akumpingo anabwera, analalikira za munthu wopusa womanga pamchenga, pamaso pa mkazi wamasiye wa munthuyo. Anatijambula, n'kuthawa mvula.

Ndinapemphera mopanda ulemu. Ndinati Ambuye, ngati mukuwafuna mayi, bwerani nokha, musatume khoma.

Yankho linabwera pa kabaza. Anali mayi wina wa ku Burundi wokhala ku Dzaleka, amene amapikula tomato kwathu. Anasuzumira mng'alu uja, n'kukhala pamphasa.

"Amayi, ine yanga nyumba ndinathawako ndi kiyi yekha. Inu muli ndi mwayi. Nyamulani chitseko."

Mayi anga anayang'ana chitseko chawo. Kenako ananditembenukira. "Iwe injiniya, kabwereke hamala."

Tinazula chitseko ndi felemu yake, n'kukachiimika pa chigafa chathu cha fodya kumtunda, chija chopanda khoma n'limodzi lomwe. Mayi anatsatira chitseko chawo. Mvula yotsatira, khoma lija linagwera pomwe ankaika mutu.

Ndikuthokoza Mulungu, ngakhale nyumba sanatibwezere. Tikugonabe pansi pa fodya, tikukhosomola, ndipo zithunzi zija ndamva zinayenda kutali kuposa ife. Koma mayi ali moyo.

Choncho limbikani, abale, musafooke. Ndipo mukabwera kudzationa, musalowere m'mbali, ngakhale ponse pali pululu. Mayi amakiya chitseko chawo, ndipo wosaodira pakhomo amabwezedwa.