Wailesi ya a Mawaya Pachipata cha Malire

Kachete anali ndi mayeso a pakamwa masana omwewo ku sukulu ya unamwino ya tsidya lina la malire, ndipo bambo ake, amene anthu amangowatchula kuti a Mawaya, anaumirira kumuperekeza pa galimoto yawo. Galimotoyo inali ndi eriyo yaitali ngati nsungwi, pachitseko panalembedwa kuti WOKONZA MAWAILESI, ndipo pafupi ndi chiwongolero panali wailesi ya ova-ova yophatikizana ndi kabokosi komvetsera zimene apolisi akuuzana. Zonsezi zinasiya kulankhula kalekale, koma pakhomo panalibe amene ankayerekeza kuzinena.

Pachipata anawaimitsa mayi wa yunifomu, wa nkhope yosadziwa nthabwala. Ataona ziphaso anasuzumira mkati, n'kufotokoza kuti wailesi yotere siilowa m'dziko lawo popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chimatenga masabata. Koma ikakhala yakufa, imeneyo ndi chitsulo chabe, itha kudutsa.

Mtima wa Kachete unakhala pansi. Kenaka anayang'ana bambo ake, mtima uja n'kudzukanso.

"Ndiye bambo, ikugwira ntchito?" anafunsa mayiyo.

"Mwawerenga pachitsekopo?"

"Ndawerenga. Ikugwira?"

"Inu mungafunse telala ngati buluku lake lili ndi zipi?"

"Buluku silifuna chilolezo. Ikugwira?"

A Mawaya anatulutsa chigongono pawindo n'kuyamba kulongosola kuti wailesiyo anaimanga okha ndi manja awo, kuti kukacha bwino imagwira ngakhale oyendetsa ndege akukambirana za nkhomaliro. Mayiyo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kunena kuti ngati imafika mpaka ku ndege, ndiye ikufunika zilolezo ziwiri.

"Chabwino, panopa ikupuma," anatero a Mawaya.

"M'lamulo mulibe yopuma. Muli yamoyo ndi yakufa."

"Ndiye lamulo lanulo analemba ndi munthu woti sanagwirepo sikuludiraiva."

"Mwina. Ichotseni, mudzaitenga pobwerera."

"Ndinaiwotcherera ku chitsulo. Mbava zinailephera."

"Ndiye galimoto itsale nayo limodzi."

Kumbuyo mahutala anali atayamba. Basi ya tsidya linalo, imene akanakwera atasiya galimoto, inali itanyamuka kale, ndipo Kachete ankaona fumbi lake likuzilala kupitirira chipata. Anafuna kulankhula mokweza, koma monga mwa masiku onse, zinakanika. Chimene chinatuluka ndi kanong'onong'o.

"Bambo, nthawi."

A Mawaya anamucheukira. Anayang'ana nsapato zimene mwanayo anabwereka kwa azakhali ake, zimene anazipukuta mpaka zala kuda.

"Yafa," anatero, maso ali pa chiwongolero.

"Sindinamve."

"Yafa, mayi. Kapena tiitane abale tiyambe kulira?"

"Ayi, abale safunika. Ndingoiyesa."

Mayiyo analowetsa mkono, anapotokola batani, anafinya cholankhulira, n'kunena "ova" kawiri ndi mawu a kuofesi. Wailesi inangoti zii.

"Yafadi."

"Musachite kunena ngati mwapambana mpikisano."

Mayiyo anakweza dzanja kuti mnzake atsegule chipata. Ndipo mwa mtima wabwino ndithu, popanda chipongwe ngakhale pang'ono, anawauza kuti akadutsa, pamsika woyamba pali munthu wodziwa kwambiri kukonza mawailesi, mwina angawathandize.

A Mawaya anamenya dashibodi ndi chibakera.

Wailesi inatsokomola. Inati khrrr, kanyale kofiira kanayaka, ndipo mwamuna wina wa mawu okhuthala anamveka bwinobwino akuuza anzake kuti pa mphambano pagwa lole ya makabichi, atumize anthu, ova.

Dzanja la mayiyo linatsika pang'onopang'ono. Pankhope ya a Mawaya panadutsa chimwemwe chimene Kachete anali asanachionepo, koma sichinakhalitse.

"Ikulankhula," anatero mayiyo.

"Ndi mpweya womaliza umenewo. Nkhuku mukaidula mutu siithamanga?"

"Nkhuku sinena za makabichi."

"Mayi, katswiri pano ndi ndani? Ine ndikukuuzani kuti yafa."

"Poyamba munati imagwira ndege."

"Ndege zake zinali za kale."

Mwamuna wa makabichi uja anayambanso. A Mawaya analowetsa dzanja pansi pa dashibodi, anagwira mtolo wa mawaya n'kuuzula wonse ngati udzu. Anaupereka pawindo. Mayiyo anauyang'ana osaulandira, n'kunena kuti munthu wokonza mawailesi sangavutike kulumikizanso akangokhota pakona. A Mawaya analumbira kuti sangathe. Mayiyo anawalozera pachitseko pawo pomwe. Anakangana choncho, wina akuti ndinu katswiri, mwiniwake akukana, mpaka mayiyo anawerama n'kuyang'ana mtsikana amene anali atakhala chete nthawi yonseyi.

"Iwe, bambo akowa angaidzutse wailesiyi?"

Kachete anayang'ana nsapato za azakhali.

"Sangathe, mayi. Wailesi imene bambo aitsegula siidzukanso. Ngakhale amayi anga, yawo ikavuta amaikulunga m'nsalu n'kukakonzetsa kwina."



"Mwamva?" anatero a Mawaya, mawu atauma. "Mboni ndi imeneyo. Mwana wopita kusukulu."

Mayiyo anagwedeza mutu, n'kukweza dzanja. Chipata chinatseguka.

Anayenda kamtunda ndithu, mtolo wa mawaya uli pamiyendo pa Kachete. Anadutsa msika woyamba uja a Mawaya osayang'ana kumbali. Atafika pomwe denga la sukulu linayamba kuonekera, anachepetsa liwiro, n'kufunsa motsitsa mawu, maso ali pamsewu:

"Amakakonzetsa kwa ndani?"