Mlendo wa Jekete Lotuwa pa Maliro a Bambo Gilibati

Malemu Bambo Gilibati Msokera anabadwa pa 9 Malichi 1941 konkuno ku Mitundu. Sukulu anaphunzira ku Likuni, ndipo luso lokonza mawailesi analitola komweko. Mu 1966 anamanga banja ndi Mayi Jacinta Nabanda a ku Nathenje, n'kuyamba ntchito pa kabenchi kawo pamsika wa Mitundu.

Malemuwa anali ndi chizolowezi chawo. Akakonza wailesi ankaiyesa potchera zakunja, ati wailesi yogwira zapafupi zokha ndiye kuti sinachire. Anthu ankaunjikana kudzamvera nawo nkhani. Mu 1992 chizolowezichi chinawagonetsa m'chitokosi miyezi ingapo popanda mlandu. Atatuluka anapeza bambo wina wa jekete lotuwa atakhala pansi pa mtengo wa mango, maso ali pa benchi lawo. Makasitomala anabalalika ngati anapiye aona kabawi.

Kuyambira pamenepo malemu sanakhazikikenso. Sankakhala chofulatira chitseko, ngakhale m'tchalitchi. Anasamukira ku Nathenje, jekete lija linawatsatira. Atabwerera kuno, nalonso linabwerera.

Zipani zambiri zitabwera mu 1994, tonse tinati basi zatha, poti malamulo atsopano a dziko analetsa kufufuza munthu mwachisawawa. Koma pansi pa mango paja sipanachoke munthu. Malemu anatha nsapato mu Lilongwe, ofesi ndi ofesi, kufunsa kuti analoleza zimenezi ndani, nanga akazitapewo amawayang'anira ndani. Kulikonse ankangowauza kuti si kuno, yesani uko. Zikutiwawa kwambiri kuti atisiya asanayankhidwe. Koma chimene chinkawadya mtima koposa chinali chakuti mwana wawo Bester, amene watsala pa benchi lija, angalandire benchilo pamodzi ndi mlonda wake.

Chaka chatha anayamba kudwala matenda othamanga magazi. Anatisiya Lachiwiri pa 11 Ogasiti 1998 m'chipatala cha Mitundu.

Malemu asiya mayi a kunyumba, ana atatu, Bester, Davide ndi Enifa, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza a mpingo, anamwino, anzawo apamsika amene sanawathawe, ndi adzukulu amene atikumbira manda.

Tikuthokozanso mlendo wa jekete lotuwa uja, tawaona ataima kumbuyoko pafupi ndi njinga. Pamaliro sathamangitsa munthu. Malemu anasiya mawu akuti lero lokha mlendoyu asaonerere patali. Afike pamanda penipeni, aponye nawo dothi, aone ndi maso awo, kenaka akauze amene anawatuma kuti ntchito yatha, Bester amusiye azikonza mawailesi. Adzukulu akusungirani khasu, bambo.

Mzimu wa Bambo Gilibati uwuse mumtendere, kumene sadzachewukanso kuona amene akubwera m'mbuyo mwawo.