A Swaibu Yasini Sanamwalire

Moni nonse amene mwazungulira wailesi, kaya pakhonde la sitolo, kaya kunyumba kwa aphunzitsi. Yakwana nthawi ya zilengezo zanu. Amene muli pafupi mukauze amene ali kutali. Lero tiyambira kunyanja, ku Kota Kota.

A Swaibu Yasini a m'mudzi mwa Chikwawe, ku Chia, akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Nkhunga, ku Mwadzama, ku Salisbury ndi ku Joni kuti sanamwalire. Chimene chinamira ku Chia tsiku la mwera lija ndi bwato lawo, lomwe linali lomangirira pachikhomo, lopanda munthu. Iwo anali kumunda akupirikitsa mbalame mumpunga. Wotumiza nkhani pa lamya anati bwato la Swaibu lamira, koma wolemba wa ku Blantyre anaona kuti bwato si nkhani, ndiye anamiza mwini wake. Nkhaniyo inatuluka mu Kalilole, mu Mbandakucha, mu Tiuzane ndi mu Liwu la Mlimi, mawu ake ofanana, ngakhale dzina la mudzi analilakwitsa mofanana, pakuti nyuzipepala zinayi zonsezi tsopano ndi za kampani ya Bwana Wedabeni, ndipo zimalembedwa patebulo limodzi. Ang'ono awo, a Useni, atawerenga anasiya ntchito ya ukhukhi ku Salisbury, n'kufika ndi misozi, n'kupeza akulu awo akusoka ukonde. Ku Boma nako dzina la a Swaibu alifufuta pakati pa ovota, ndipo chiphaso chawo cha usodzi achilanda. Atapita kukadzionetsa, kalaliki anati, "Ndikukuonani, bambo. Koma maso angawa ndi awiri, nyuzipepala ndi zinayi." A Swaibu akupempha abale amene sananyamuke kuti asanyamuke. Chilengezochi chachokera kwa eni ake, a Swaibu Yasini.

A Bakari Adamu a ku Nkhunga, amjomba awo a Swaibu amene tawatchulawa, akudziwitsa anthu a ku Chia kuti mbuzi yawo yasowa. Ndi tonde wakuda, wa ndevu zoyera, khutu lakumanzere lodulidwa. Anayenda naye pansi kuchokera ku Nkhunga kuti akhale wa sadaka ya mphwawo, a Swaibuwo. Atafika pabwalo akulira, mphwawoyo anatuluka m'nyumba kudzawalandira chingwe. A Bakari anathawira kubango, tonde anathawira kwake. Iwo anapezeka, tonde sanapezeke. Amene wamuona akanene kwa shehe wa mzikiti wa Chikwawe. A Bakari akuonjezera kuti sadyera mbale imodzi ndi mphwawoyo mpaka nyuzipepala zitabweza mawu, chifukwa azungu anayi sanganame tsiku limodzi. Chilengezochi chachokera kwa a Bakari Adamu a ku Nkhunga.

*

Takumananso, omvera. Mlungu unonso a ku Kota Kota sanatiiwale.

A Swaibu Yasini pamodzi ndi a Hubert Kaliwo, amene amasindikiza kanyuzipepala ka Nkhafi kuseri kwa msika wa pa Boma, akuitana asodzi, alimi a mpunga, aphunzitsi, Asilamu ndi Akhristu omwe ku msonkhano Loweruka likudzali masana, pabwalo la mpira la ku mishoni. Nkhafi ndi nyuzipepala yokhayo imene inalemba kuti a Swaibu ali moyo, popeza a Hubert anakwera njinga n'kukawagwira dzanja. Ndi yokhayonso imene inalemba chaka chatha kuti sikelo ya pamsika wa mpunga ikudya. Tsopano ku Zomba, ku Lejiko, nyumba ya malamulo, kwabwera bilu yoti mapepala ndi inki zonse za nyuzipepala zizidzera kwa Bwana Wedabeni, ndiponso kuti kampani yawo ikhale ndi ufulu wogula nyuzipepala iliyonse imene ikuvutika. A Hubert akuti, "Nkhafi sikuvutika. Idzayamba kuvutika tsiku limene bwanayo adzati mapepala atha." Choncho akupempha phungu wathu wa ku Lejiko, a Bartholomew Kansengwa, amene tinawaikirako voti ndi manja athu, kuti abwere adzamve mawu oti akanene: bilu imeneyi ayikane. Mpando wawo ulipo, wokhala ndi chotsamira. Chilengezochi chachokera kwa a Swaibu Yasini ndi a Hubert Kaliwo.

Kampani ya Bwana Wedabeni ya ku Blantyre ikusangalala kudziwitsa owerenga ake onse kuti nyuzipepala zake zinayi zikupitiriza kugwirizana pa nkhani iliyonse, zimene zikupulumutsa anthu ku chisokonezo chomva mbali ziwiri. Kampani yalandira dandaulo la munthu wina wa ku Chia wonena kuti ali moyo. Itafufuza m'nyuzipepala zake zonse, yapeza kuti palibe ndi imodzi yomwe imene ikugwirizana naye. Kampani ikudziwitsanso kuti mlungu uno chithunzi cha a Bartholomew Kansengwa, atavala suti yatsopano, chili patsamba loyamba la nyuzipepala zonse zinayi. Gulani yomwe mwafuna, simuphonya kanthu. Chilengezochi chachokera ku ofesi ya kampani ku Blantyre.

*

Moni kachiwiri kwa amene munali nafe mlungu watha, ndi kwa alendo omwe. Tili ndi chilengezo cha munthu wosowa.

A Swaibu Yasini akudziwitsa anthu onse a m'mbali mwa nyanja kuti a Bartholomew Kansengwa, phungu wa Kota Kota, asowa. Ndi bambo aafupi, onenepa kuyambira chaka chino, ovala magalasi ndi chipewa cha khonde. Kale anali mphunzitsi ku mishoni ndipo ankayankha moni. Loweruka anthu anadzaza bwalo la mpira, ena ochokera ku Mwadzama pansi, n'kukhala padzuwa moyang'anizana ndi mpando wopanda munthu mpaka ana anayamba kukwerapo. Womaliza kuwaona ndi a Swaibu omwewa. Anawapeza m'mawa wa tsikulo kudoko akukwera sitima chozemba, chikwama pamutu pa mkazi wawo. A Swaibu anati, "Bwana phungu, msonkhano uja ndi walero." Aphungu anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kukofia, n'kunena kuti, "Pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani." A Swaibu anati, "Zinandionekera n'zoti? Si ndili pano?" Aphungu anati, "Eya, monga munthu ndikuona kuti mulipo. Koma monga membala wa Lejiko ndiyenera kuyendera zolembedwa. Nanga ndikakati ku Zomba mwandituma ndinu, azungu akatsegula nyuzipepala, ndidzaoneka bwanji?" A Swaibu anati, "Nanga tsiku la voti munandifunsa ngati ndili moyo?" Apo sitima inaliza, aphungu n'kuthamanga liwiro limene sanalionetsepo chilowereni m'suti. Amene awaone asawaopseze, ndi munthu wofatsa. Angowauza kuti kwawo akuwafuna, ndipo mawu oti akanene ndi amodzi okha, afupi kuposa a m'buku la kalasi yoyamba: ayi. Chilengezochi chachokera kwa a Swaibu Yasini, m'malo mwa onse amene anapsa ndi dzuwa.

A Bartholomew Kansengwa, membala wa Lejiko, akudziwitsa anthu awo okondedwa kuti sanasowe. Ali ku Zomba, kumene akuyiphunzira biluyi mozama, mothandizidwa ndi akatswiri amene kampani yawabwereka mwaulere. Akupempha anthu kuti adekhe, pakuti nkhani za nyuzipepala n'zapamwamba, sizifanana ndi za usipa. Akukumbutsanso kuti mpando umene ana ankakwerapo uja ndi wa mishoni. Chilengezochi chachokera kwa a Kansengwa, ku Zomba.

*

Omvera, zikomo potchera khutu. Nachi china cha ku Chia.

Mayi Asiyatu, akazi awo a Swaibu Yasini, akudziwitsa abale onse kuti akafika pakhomo n'kupeza bambo kulibe, asayambe kulira. Amuna awo akwera lole ya mpunga kupita ku Salima, kumene akakwere sitima ya pamtunda kulowera ku Zomba. Atenga kanzu yawo yoyera ndi nsomba zouma za panjira. Pochoka anati, "Ngati aphungu akuopa kunditchula, ndikakhala pamene azindiona." Mayiwa akuti anayesa kuwaletsa, popeza mpunga wacha ndipo bwato kulibe, koma bamboyo sagona bwino chilembedwereni m'nyuzipepala, amadzuka n'kufunsa ngati ana akuwaitanabe kuti bambo. Mayi Asiyatu akupemphanso amayi anzawo a ku Dowa, ku Kasungu, ku Dedza ndi ku Fort Johnston kuti nawonso akagogode kwa aphungu awo. Akuti lero zagwera amuna awo, mawa kampani idzamiza wanu, ndipo sipadzapezeka pepala lomuvuula. Chilengezochi chachokera kwa mayi Asiyatu a ku Chikwawe.

*

Tafikanso pa zilengezo zanu. Lero za ku Kota Kota zilipo ziwiri, ndipo ndikupempha kuti muzimve zonse musanayambe kukangana.

Mayi Rebeka, akazi awo a Bartholomew Kansengwa, akupempha anthu amene anabwera kunyumba kwawo Lolemba, atawerenga m'nyuzipepala kuti amuna awo avomereza bilu ija, kuti abweze chitseko. Chinangwa chimene anazula achisunge, sichingabwerere m'nthaka, koma chitseko n'cha mlombwa ndipo anawasiyira ndi malemu bambo awo. Akuti nkhuku nazonso sizinapite ku Lejiko. Mayiwa akugona kwa achemwali awo ku Mwadzama, ndipo akupempha amuna awo, ngati akumva, kuti asabwere pa sitima ya mlungu uno, chifukwa anyamata a kudoko asema nkhafi zatsopano zimene sizikuoneka ngati zopalasira. Chilengezochi chachokera kwa mayi Rebeka.

A Swaibu Yasini, amene ali ku Zomba, akudziwitsa anthu onse a Kota Kota kuti amusiye Bartholomew Kansengwa, ndipo amve zimene zinachitika kuchokera kwa munthu amene anaona.

Akuti anafika ku Zomba m'mawa wa tsiku limene biluyo inali yoti ikambidwe masana. Pamsika anagula Kalilole kuti akulungire nsomba zotsala, ndipo wogulitsa chinangwa wina wodziwa kuwerenga anawawerengera tsamba loyamba. Panalembedwa kuti phungu wa Kota Kota wayankhula mwanzeru ku Lejiko, wathokoza Bwana Wedabeni, wavomereza bilu, ndipo nyumba yonse yaomba m'manja. Nthawiyo n'kuti zitseko za Lejiko asanatsegule n'komwe.

A Swaibu anapita nayo kunyumba ya alendo kumene aphungu amagona. Anawapeza atavala malaya amkati, akuloweza pagalasi mawu a Chingerezi amene akatswiri aja anawatayipira. Aphungu atawaona anafuna kutseka chitseko, koma a Swaibu anaika phazi. Anati, "Musavutike kuloweza, bwana. Mwayankhula kale, ndipo akuti munayankhula bwino." Aphungu anawerenga nyuzipepalayo ataimirira, kenako anawerenganso atakhala pabedi. Anati, "Ngakhale pamene ndinafuna kutsokomola alembapo." Kenako anati, "Ine ndinaphunzitsa ana zaka zambiri, a Swaibu. Sindinamulembere mwana malikesi asanalembe mayeso." A Swaibu akuti aka kanali koyamba kuti aphungu awatchule dzina chichitikire za bwato.

Masana a Swaibu anakhala pa benchi ya alendo, kumbuyo, atavala kanzu yawo. Nthawi ya aphungu itakwana, anaimirira pepala lili m'manja. Anawerenga mzere woyamba, wothokoza. Kenako anakweza maso, n'kulipinda pepalalo, n'kuliika m'thumba. Zimene ananena sizinali zokoma. Chingerezi chinawathawa, anachita chibwibwi, thukuta linanyowetsa suti ija. Analoza kumbuyo n'kunena kuti munthu wavala zoyera uyo anamizidwa ndi cholembera chimodzi m'nyuzipepala zinayi, ndipo mukapereka yachisanu palibe adzatsale wonena kuti akupuma. Azungu ena anaseka. Wapampando anawauza kuti asaloze alendo. Pofunsidwa mbali yawo, anati ayi, ndipo poti mawu anatuluka aang'ono, anabwerezanso. Palibe anaomba m'manja. Anakana nawo ndi aphungu ena ochepa, ndipo bilu inapitirira, koma idzabweranso m'nyumbamo komaliza mwezi wamawa. A Swaibu akupempha anthu a maboma onse kuti asadikire kumva m'nyuzipepala zimene aphungu awo anena. Apite okha, akawapeze akadali m'malaya amkati, akawauze kuti akane.

Mawa lake Mbandakucha, Tiuzane ndi Liwu la Mlimi zinatuluka, zonse zikunena zomwe zija za Kalilole, ndi kuomba m'manja komwe. Akatswiri aja anabwera kudzatenga suti imene anawabwereka. Aphungu anakhala pakhonde la nyumba ya alendo atavala jekete lawo lakale la kusukulu, nyuzipepala zinayi zili pamiyendo, akuwerenga iyi, kuwerenga iyo. A Swaibu anawapatsa nsomba, sanadye. Patapita nthawi anavula magalasi n'kufunsa motsitsa mawu, "A Swaibu, dzulo paja ndinakana, eti? Kapena ndinangoganiza mumtima?" A Swaibu anati, "Munakana, aphunzitsi." Iwo anati, "Munamva ndi makutu anu?" A Swaibu anati, "Kawiri." Aphungu anagwira dzanja la a Swaibu ndi manja onse awiri, osalisiya, n'kunena kuti, "Tanenaninso."

Awiriwa abwera limodzi pa sitima ya mlungu uno. A Swaibu akuti iwo ndi amene ayambe kutsika, ndipo amene ali ndi nkhafi yosapalasira ayambire pa iwo. Chilengezochi chachokera kwa a Swaibu Yasini a m'mudzi mwa Chikwawe, ku Chia, amene analipo.