A Verl Lundgren ndi Zipata Zitatu za Mwala

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1948 ku Green River. Dzina lawo ndi a Verl Lundgren, mwana wachitatu wa bambo Nils ndi mayi Opal Lundgren, alimi a mavwende. Kuchokera tsiku limenelo kufikira Lachisanu lapitali, bambo amenewa sanajambulepo chithunzi chabodza ngakhale chimodzi. Ena mwa inu mwayang'anizana nditanena zimenezi. Ndakuonani. Amene ndikulankhulane ndine Royce Bagley, mlamu wawo, mlongo wa anamfedwa mayi LaRue. Ndinayamba ndi lole imodzi yopanda chitseko, lero ndili nawo malole 63, ndaponda mayiko 41, ndipo sindinaimirire pano kuti ndikometse maliro.

Anayamba sukulu mu 1954 ndipo anamaliza sekondale mu 1966. Chaka chotsatira analowa ntchito mumgodi wa yureniyamu kufupi ndi Moab, momwe anakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Ankanena kuti munthu amene wakhala m'dzenje lopapatiza, akatuluka safuna kuliona dziko chidutswachidutswa, amalifuna lonse nthawi imodzi.

Pa 17 Juni 1972 anamanga ukwati ndi alongo anga a LaRue. Ine ndinawakayikira tsiku lomwelo. Ndinkati mwamuna wosalankhula patebulo ndiye kuti ali ndi chimene akubisa.

Mu 1973 anasiya mgodi nagula kamera yakale, ya diso loyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mpaka kumanja, yotulutsa chithunzi chachitali ngati chitseko chogoneka. Ankaisenza kumsana pamodzi ndi madzi a masiku atatu, n'kulowa m'paki, dera lotetezedwa lija la matanthwe ndi chipululu, n'kudikira. Thanthwe limodzi ankatha kuliyendera kasanu asanatsegule kamera, podikira tsiku limene dzuwa lidzalifiiritse mmene iwo ankafunira. Mu 1979 anatsegula shopu yawo ku Moab, ndipo zithunzi zawo ndazipeza ndekha zitapachikidwa mu hotela ku Oslo ndi ku Osaka.

Mu 1988 anachita chimene ankachitcha kulakwa kwawo kwakukulu. Anajambula mwala wokhala pamwamba pa unzake ngati dzira pa chala, ndipo munthu wa magazini atawafunsa malo ake, anamulozera. Pasanathe zaka ziwiri anthu anali atagoba mayina awo pathanthwepo, atapondaponda nthaka yakuda ija imene imatenga zaka makumimakumi kuti ikhazikike. Mu 1991 wina anafika ndi jeke wa galimoto n'kuugwetsa mwalawo. Malemu anakaona zidutswa zake, anabwera, ndipo sanadye masiku awiri. Kuyambira pamenepo sanauzenso munthu malo a chithunzi chilichonse. Galimoto ankaisiya kutali ndi kumene akupita. Ankaponda pathanthwe pokha ndi m'mitsinje youma, kuti wowatsatira asapeze phazi.

Mu Okutobala 2003 anabwera ndi chithunzi chimene nonse mukuchidziwa, chaimikidwa apachi: zipata zitatu za mwala zachilengedwe, matanthwe obooka pakati, chachiwiri chikuonekera mkati mwa choyamba, chachitatu mkati mwa chachiwiri. Mu 2004 bungwe lina la ojambula linawapatsa mphoto. Kenaka manong'onong'o anayamba. Inali nthawi imene anthu anali atadziwa kulumikiza zithunzi pa kompyuta, ndipo palibe amene anali ataziona zipatazo. Malemu anaonetsa filimu, koma anthu anati filimu nayonso imapusitsika. A bungwe anati: "Tiuzeni malo, titume munthu akaone." Iwo anayankha kuti: "Munthu wanuyo ali ndi mnzake, mnzakeyo ali ndi jeke."

Apa ndi pamene ndikulowapo ine. Pa chionetsero cha zithunzi zawo, pa 20 Novembala 2004, mtolankhani wina anandifunsa maganizo anga. Ndinali nditangotsika ndege, pakamwa pakuyabwa. Ndinati ndaona zipululu za ku Jordan, ku Namibia ndi ku Australia, ndipo Mulungu sandondomeka miyala chonchi. Mawa lake nyuzipepala inalemba kuti ngakhale mlamu wawo sakukhulupirira. Mphoto inalandidwa. Ogula anachepa, ndipo mu 2007 shopu inatsekedwa. Malemu anayamba kukhoma mafulemu a zithunzi za anthu ena, ntchito imene anaigwira mpaka 2019.

Sanandikalipire. Tili patebulo la Khirisimasi chaka chomwecho cha 2004 anangoti: "Alamu, mayiko mwawatha, koma muli nane ngongole ya mamailosi 22, khumi ndi imodzi kupita, khumi ndi imodzi kubwerera. Tsiku limene mimbayo idzalole, mudzandiuze." Ine ndinaseka n'kunena kuti akufuna akanditaye m'chipululu kuti atenge malole. Chaka ndi chaka ankandikumbutsa, ine ndikuzemba. Kunena zoona ndinkaopa ziwiri: kukapeza kuti kulibe kanthu, ndi kukapeza kuti zipatazo zilikodi.

Mu Epulo chaka chino anayamba kubanika. Madokotala anapeza kuti fumbi la mumgodi lija linawononga mapapo. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Seputembala. Pamenepo alendo anachuluka modabwitsa. Anthu amene sanawapatse moni zaka makumi awiri anabwera ndi maluwa, n'kumafunsa alongo anga ngati bambo anasunga mapu. Wina anapempha kuti athandize kusesa m'galaja. Ndikukudziwani, ndipo ena mwakhala kutsogolo kuno.

Pa 3 Okutobala anandiitanitsa. Anatulutsa aliyense m'chipinda, n'kundiuza kuti ndizimitse foni ndiiike m'kabati. Njira ya ku zipata zija sanailembe. Anandiuza pakamwa, n'kundibwerezetsa katatu ngati vesi la Sande sukulu. Anati: "Foni musiye, imaulula kumene munthu wapita. Kamera musatenge. Mupondenso pamwala pokha, ndi thupi lanulo."

Ndinanyamuka pa 5 Okutobala, ine wa zaka 72, maondo awiri onse a chitsulo. Galimoto ina yoyera inanditsatira kuchokera m'tauni, ndiye ndinaizunguliritsa mpaka inatopa. Mwini wake ngati muli muno, pepani mafuta anu. Ndinayenda tsiku lathunthu ndikuwatukwana alamu anga chamumtima, chifukwa paliponse pamene ndinkayang'ana panali thanthwe wamba, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti andinamiza komaliza. Ndinagona pamwala. M'mawa ndinakwera kamtunda kamene anandiuza, ndinatembenukira kumanzere, ndipo zinali pamenepo. Zitatu, china mkati mwa chinzake, monga mmene zilili m'chithunzimu. Ndinabwerera chambuyo kuti ndizione bwino, ndipo ndinagwera m'dzenje la madzi a mvula mpaka m'chiuno.

Ndinafika kuchipatala pa 7 Okutobala ndikutsimphina. Malemu anandiyang'ana nthawi yaitali. Tsopano wokayikiridwa ndinali ine. Anachotsa pakamwa chipangizo chowathandiza kupuma n'kunena kuti: "Inu alamu mumatha kukamba za dziko limene mwangoliona pawindo la ndege. Zili m'chithunzi aliyense akhoza kuzinena. Kumbuyo kwa pamene ndinaimika kamera kuli chiyani?" Ndinati: "Kuli dzenje la madzi, ndipo mukanatha kundichenjeza." Anaseka mpaka namwino anathamangira m'chipindamo. Atapezanso mpweya anati: "Inenso ndinagweramo."

Anatisiya Lachisanu pa 11 Okutobala 2024, nthawi ya 4 koloko masana, ali ndi zaka 76, dzanja lawo lili m'manja mwa akazi awo.

Umboni umene ndabwera nawo ndi zikhadabo zitatu zakumapazi zimene zathothoka, ndi mawu anga. Ndikudziwa kuti mawu a Royce Bagley ena mumawachotsera theka. Chotseranitu. Zaka makumi awiri munakayikira munthu wosalankhula, tsopano kayikirani wolongolola, msana wosenzera zimenezo ndili nawo. Koma pa chakudya pano wina asandikokere pambali. Alongo anga sadziwa njira, ana sadziwa, mapu kulibe, ndipo ine ndidzapita nayo kumanda monga achitira eni akewa.

Malemu asiya akazi awo mayi LaRue, ana awiri, a Marlys ndi a Dell, zidzukulu zisanu, ndi mchemwali wawo mayi Arvilla Lundgren Pace. A banja akuthokoza anamwino amene anawasamala masabata asanu ndi limodzi, amayi a mpingo amene aphika mbatata ya tchizi imene tikadye tikachoka kumanda, ndi a Hollis Tanner, woyang'anira paki wopuma ntchito, amene yekha sanawafunsepo malemu kuti zipatazo zili kuti.

Alamu anga a Verl, ndinakuchotserani dzina pamaso pa anthu, ndipo ndalibweza pamaso pa anthu. Mamailosi anu 22 ndayenda onse, khumi ndi imodzi kupita, khumi ndi imodzi kubwerera, ndipo sindinasiye phazi. Usani mumtendere.